Kutsegula lesitilanti ya zakudya za ku Iran mu Cape Town: yambirani pa mpunga ndi makala

Amalawi ambiri tili m'makhitchini a mu Cape Town muno, ena kutsuka mbale, ena pa moto, ena mpaka anafika pa ushefu, ndiye zoti munthu upangane ndi mnzako wa ku Iran mutsegule malo anuanu si maloto ayi, zimatheka. Koma tauni ino ndi yolimba abale. Kloof Street, Bree Street, Long Street, Sea Point, Camps Bay, paliponse ndi malo odyera okhaokha, ndipo mlendo amene watsika ndege dzulo sakukudziwani, akungoona pa Google Maps kuti nyenyezi zachuluka pati.

Musathamangire ku V&A Waterfront kapena Camps Bay poti n'komwe kumadzaza alendo. Renti ya kumeneko idzakumalizani musanaone n'komwe phindu. Alendo amachuluka December mpaka February, ikafika June, July, August kumazizira, mvula osakata, matebulo ali mbee, ndipo amene amakusungani miyezi imeneyo ndi anthu okhala konkuno. Ndiye sakani malo oti mlendo atha kufika koma eni dera amadutsapo tsiku ndi tsiku, ngati timisewu ta m'mbali ku Sea Point, Gardens kapena Observatory. Ndipo musanasaine lizi funsani landilodi za chumuni, alembe papepala kuti walola. Kabab ya ku Iran, nyama yootcha pa zitsulo, imafuna makala, makala ndi utsi, ndipo ngati pamwamba panu pali mafulati a anthu madandaulo sachedwa kufika ku khonsolo.

Mapepala ndidutsapo mwachangu. Kampani mumalembetsa ku CIPC, msonkho ku SARS, layisensi ya bizinezi ku City of Cape Town, komanso azaumoyo amabwera kudzaona khitchini n'kukupatsani Certificate of Acceptability malinga ndi malamulo a R638 a 2018. Mnzanuyo ngati akudzera pa business visa, lamulo limafuna ndalama zokwana R5 miliyoni komanso kuti 60% ya antchito akhale nzika za South Africa kapena okhala ndi permanent residence, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, ndiye musapange mapulani odzaza khitchini yonse ndi achibale akumudzi.

Pali chisankho china choti mupange koyambirira komwe: halal kapena vinyo. Cape Town muli Asilamu ambiri, ndipo satifiketi ya MJC Halaal Trust kapena SANHA ingakubweretsereni mabanja athunthu chaka chonse, koma malo ogulitsa mowa sapatsidwa satifiketi imeneyo. Mbali inayi alendo ambiri amabwera kuno akufuna vinyo wa ku Stellenbosch, ndipo ameneyo amafuna layisensi ya Western Cape Liquor Authority. Ine ndingasankhe halal, chifukwa banja likakukondani limabweranso mu July.

Tsopano nkhani yeniyeni, chakudya. Menyu ikhale yaifupi chonde. Koobideh (kabab ya nyama yogaya), joojeh kabab ya nkhuku, ghormeh sabzi (ndiwo ya masamba ndi nyama), fesenjan ya ma walnut ndi madzi a makangaza, zereshk polo (mpunga wa tizipatso tofiira towawasa ta zereshk), mabilinganya a kashk bademjan, basi zakwana. Osaikamo pizza kapena baga poopa kuti mlendo abwerera, zimenezo akazipeza khomo lotsatira kwa anthu ozidziwa kuposa inu.

Munthu wa ku Iran akalowa amayamba kukuyezani pa mpunga. Mumautsuka mpaka madzi ayere, kuuviika m'madzi amchere maola angapo, kuuwiritsa pang'ono chabe kuti kunja kufewe koma mkati mukhale kanjere, kenako kukhetsa madzi, mafuta pansi pa poto, mpunga kuuwunjika ngati kaphiri n'kubowola timabowo ndi chogwirira cha supuni, chivindikiro kuchikulunga ndi nsalu yoyera kuti nthunzi isagwerenso mkati, moto wochepa pafupifupi ola. Pansi pamapangika tahdig, nkhoko zofiirira zokhumutuka, zofanana ndi zija timalimbirana pansi pa poto wa nsima, ndipo makasitomala amazipempha ndi dzina. Vuto lake ndi loti poto mmodzi ali ndi pansi pamodzi, ndiye m'malo mwa chimpoto chimodzi phikani m'mapoto angapo otambalala, apo ayi ikamakwana 8 koloko usiku tahdig yatha, anthu akwiya.

Koobideh nayo imachititsa manyazi osaidziwa. Nyama yogaya ikhale ndi mafuta ndithu, yopanda mafuta imauma ngati chikuni. Anyezi mumamupala n'kumufinya mpaka madzi onse achoke, mukasiya madziwo nyama imagwa pa chitsulo n'kuthera m'makala. Kandani mpaka izimata m'manja, ikani mufiriji izizire, muimate pa zitsulo zazitali zophwatalala zootchera kabab, ndipo pamoto sipakhala waya, zitsulo zimangotsamira m'mbali. Tembenuzani msanga mbali zonse zigwire. Munthu wa pa moto ameneyu mulipireni bwino, akachoka lesitilanti yagwa.

Safironi (chokometsera chodula chopatsa chakudya mtundu wachikasu), zereshk, mandimu ouma a limoo amani, sumac (ufa wofiira wowawasa) ndi kashk (mkaka wowawasa woumitsa), izi ndiye zofunika kuzikonzera njira musanatsegule. Safironi wambiri padziko lonse amalimidwa ku Iran, makamaka chigawo cha Khorasan, koma chifukwa cha ma sanctions kutumiza ndalama ku Iran kudzera ku banki n'kovuta, ndiye ambiri amagula kwa ogulitsa a ku Dubai kapena Turkey. Khalani ndi ogulitsa awiri osati mmodzi. Ndipo samalani safironi wotchipa, amasakaniza ndi zina zopaka mtundu. Weniweni mumamupera ndi kashuga pang'ono n'kuthira madzi otentha, kochepa komweko kamakwanira mbale zambiri, koma azisunga ndi munthu mmodzi pa loko.

Pa chikwangwani ambiri amalemba Persian m'malo mwa Iranian, poti alendo amalidziwa bwino dzina limenelo. Mawetala onse alawe chilichonse cha pa menyu, chifukwa ghormeh sabzi pamaso siikopa, ndi ndiwo yobiriwira moderako, imagulika pokhapokha wetala akaifotokoza ngati munthu woti anaidyapo n'kuikonda. Nowruz, chaka chatsopano chawo cha pa 20 kapena 21 March, konzani madzulo apadera muitane a ku Iran okhala mutauni, amenewa akavomereza mpunga wanu amakulengezani okha pa WhatsApp.

Za Uber Eats ndi Mr D, ma app operekera chakudya kunyumba za anthu, mulowemo ndithu, nthawi yozizira zimathandiza, kungoti komishoni yawo muiwerengere mu mtengo. Tahdig muziika mukabokosi kakekake kobowola pamwamba, mukaitsekera limodzi ndi mpunga wotentha imakafika itafewa.