Kalembedwe ka mbiri ya gogo wa ku Ukraine amene anapulumuka ukaidi wa nkhondo

Tiyerekeze kuti banja lanu kuno ku Mzuzu lili ndi mpongozi amene gogo wake anali wa ku Ukraine, anagwidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kenako n'kukakhazikika ku Canada, Britain kapena Australia. Pa mwambo wa chikumbutso akupemphani kuti mukonze mbiri ya gogoyo m'Chichewa. Musaitenge ngati mbiri ya pamaliro athu, pomwe mkulu wa banja amangoimirira n'kutchula mudzi, mfumu ndi chaka chobadwa. Apa mudzi unasintha dzina, dziko linasintha eni, ndipo mapepala ena analembedwa zabodza mwadala.

Funso loyamba ndi lakuti: anamangidwa ngati ndani? Kungoti "anali kundende ya Hitler" sikukwana. Germany italowerera Soviet Union, imene Ukraine inali mbali yake, pa 22 June 1941, anthu ankagwidwa m'njira zitatu, iliyonse ndi mapepala ake. Asilikali ogwidwa kunkhondo ankatsekeredwa m'misasa yotchedwa Stalag, ndipo mwa asilikali a Soviet oposa 5 miliyoni amene anagwidwa, pafupifupi 3 miliyoni anafera m'manja mwa Ajeremani, ambiri ndi njala. Anthu wamba a ku Ukraine pafupifupi 2 miliyoni, ambiri mwa iwo anyamata ndi atsikana, anawalongedza m'mabogi a sitima kukagwira thangata m'mafakitale ndi m'minda ya ku Germany. Awa ankatchedwa Ostarbeiter, ndipo pachifuwa ankavala chigamba cholembedwa OST. Ena anaponyedwa m'misasa yachibalo monga Dachau, Buchenwald, Auschwitz ndi Ravensbrück, womwe unali makamaka wa amayi. Nambala yodinda pamkono inali ya ku Auschwitz kokha, choncho gogo wopanda nambala musamukayikire. Munthu mmodzi ankathanso kulawa ziwiri: wothawa kufakitale akagwidwa ankatha kutumizidwa kuchibalo.

Musanathamangire pa intaneti, chezani ndi ana a gogoyo. Gwiritsani ntchito foni kujambula mawu, koma pemphani kaye, ndipo kucheza kumodzi kusapitirire ola. Ngati ali kunja, atumize mawu pa WhatsApp, funso limodzi uthenga umodzi, chifukwa netiweki ikaduka pakati pa nkhani yolira munthu sabwereza. Funso lakuti "anavutika bwanji?" limangobala yankho lakuti "kwambiri". Funsani zogwirika: ankatani ndi nyenyeswa za buledi patebulo, ankapemphera m'chilankhulo chanji, ndi dzina la tauni iti limene linkatuluka pakamwa pake. Opulumuka ambiri sankakamba za kumsasa, ndipo mwana akati "bambo sanatiuzepo", lembani zomwezo. Kudzaza mpatawo ndi zoonera m'mafilimu ndi kumunamizira malemu.

Mapepala ambiri ali ku Arolsen Archives, malo osungirako zikalata amene kale ankatchedwa International Tracing Service, mu tauni ya Bad Arolsen ku Germany. Kuli zikalata zoposa 30 miliyoni zokhudza anthu okwana 17.5 miliyoni. Kufufuza pa webusaiti yawo n'kwaulere, ndipo achibale angathe kutumiza pempho kuti akatswiri awafufuzire, ngakhale yankho limachedwa. Funani makamaka fomu ya CM/1, imene othawa kwawo ankadzaza popempha thandizo ku IRO, bungwe loona za othawa kwawo nkhondo itatha, kuyambira 1947. Imaonetsa kumene munthu anakhala ndi ntchito zimene anagwira zaka za m'mbuyomo.

Pamene ambiri amagwa ulesi ndi pa dzina. Chiyukireniya chili ndi zilembo zake, ndipo kalaliki aliyense ankalemba monga wamvera. Hryhorii yemweyo mum'peza ali Grigori kapena Gregor. Ivan ali Iwan kapena Jan. Yesani H m'malo mwa G, W m'malo mwa V, ndipo kwa amayi yesani dzina la kwawo asanakwatiwe. Mizinda nayo ndi chimodzimodzi: Lviv, Lwów, Lvov ndi Lemberg ndi mzinda umodzi.

Pa dziko lobadwira musadabwe kuona Poland kapena Russia. Ukraine inakhala dziko loima palokha mu 1991, ndipo chigawo chake cha kumadzulo chinali m'manja mwa Poland mpaka 1939. Palinso chifukwa china chachikulu. Pa msonkhano wa ku Yalta mu February 1945 anagwirizana zoti nzika za Soviet Union zibwezedwe kwawo, ndipo obwererawo ankawaona ngati akapirikoni, ena n'kukathera kundende zina. Choncho ambiri obadwira kum'mawa kwa Ukraine ananena kuti ndi a ku Poland, nasintha mudzi, mwina ndi chaka chomwe. Pepala likasemphana ndi zimene gogo ankauza ana ake, musafulumire kukhulupirira chidindo. Lembani zonse ziwiri, kuti pepala la 1947 likuti chakuti, iye mwini ankati chakuti. Koma tsiku lobadwa likasiyana ndi masiku 13 ndendende, palibe bodza: mipingo ya kumeneko inkatsata kalendala yakale, imene inali m'mbuyo ndi masiku amenewo.

Zithunzi ndi makalata zikafika m'manja mwanu, kumbukirani chinyezi cha kuno. Mvula ya Mzuzu imameretsa nkhungu pa pepala losiyidwa m'sutikesi pansi pa bedi. Pepala lenileni musalimate ndi selotepi kapena kulikuta pulasitiki pamakina otentha aja, chifukwa silidzamasukanso. Lijambuleni pa sikana pa 600 dpi (muyezo wa kuoneka bwino kwa chithunzi), mbali zonse ziwiri, poti kumbuyo kwa chithunzi n'kumene kumakhala chaka ndi dzina la msasa. Sungani pa fulashi ndi pa imelo, ndipo mapepalawo akhale m'envelopu pamwamba pa kabati, kutali ndi khoma.

Mbiri yowerenga pagulu isapitirire mphindi zisanu ndi ziwiri, ndiye kuti mawu pafupifupi 600. Ngati padzakhala womasulira m'Chitumbuka, nthawiyo iwirikiza, choncho dulani. Cholakwika chofala n'kulola ukaidi kumeza moyo wonse. Munthu amene anakhala kumsasa zaka zitatu n'kukhala moyo zaka 85 anali ndi ukwati, ntchito, dimba ndi nthabwala zake. Ukaidi utenge gawo limodzi mwa magawo atatu, osapitirira apo. Zankhanza zimene ana ake sakufuna kuti zimveke pagulu zikhale m'kope la banja.

Pa tsiku la mwambowo funsani mpongozi wanu, chifukwa Akhristu a ku Ukraine amakumbukira malemu makamaka pa tsiku la 40 ndi pakatha chaka, ndipo ena amaphika tirigu wothira uchi. Wowerenga mbiri amve kaye mpongoziyo akutchula mayina onse, awalembe monga akumvekera m'khutu lathu, ndipo ayeserere mokweza kawiri usiku woti mawa mwambo.