Momwe mungapezere amayi a m'minda ya nzimbe m'kaundula wa akapolo

Mukafuna kudziwa za akazi amene anali akapolo ku Caribbean, yambirani m'kaundula amene boma la Britain linalamula. Ku Trinidad anayamba kulemba mu 1813, ku Jamaica ndi Barbados mu 1817. Mabukuwo ali ku National Archives (nyumba yosungira zolemba zakale za boma la Britain) ku Kew, mu London, pa nambala T 71, ndipo ambiri anajambulidwa, ali pa intaneti.

Musayambe ndi dzina la mkaziyo. Ine ndinataya sabata yathunthu ndikusaka Phibba wina, mpaka maso kuchita chidima. Mayina ngati Phibba, Juba ndi Quasheba ankatsatira tsiku la pa sabata limene munthu wabadwa, choncho ali mbwee. Sakani kaye dzina la mwini esiteti.

Mukalipeza, onani msinkhu wa akazi olembedwa pansi pa dzinalo, ndiponso ngati anabadwira ku Africa kapena pachilumbapo. Kaundula wa ku Barbados wa 1817 amatchulanso ntchito. Apa m'pamene ine ndinadzidzimuka: ndinkaganiza zopeza ophika ndi ochapa, koma mzere ndi mzere ndi akumunda. Kukumba maenje a nzimbe, kusenza manyowa m'madengu, kudula nzimbe, akazi anali momwemo, pomwe ukalipentala ndi kuphika shuga zinkapita kwa amuna.

Kenaka tsegulani kaundula wotsatira, muone obadwa, omwalira ndi ogulitsidwa. Ku Jamaica pambali pa mwana ankakonda kulemba dzina la mayi ake. La bambo musavutike nalo, poti ukapolo unkatsata mayi.

Muzilemba nambala ya tsamba nthawi yomweyo. Ine ndinaiwala, n'kubwerezanso buku lonse.