Msuzi wa tomato wopaka pa pizza: chepetsani madzi

Pizza yophika kunyumba kawirikawiri imalephera pakati. M'mbali mwapsa bwino, koma pakatipo ufa uli nyowenyowe, wosapsa. Ambiri amaloza chala uvuni, pomwe vuto lagona pa msuzi: unali wamadzimadzi, kapena anapaka wochuluka.

Ku Naples m'dziko la Italy, kwawo kwa pizza, msuziwu nthawi zambiri saphika n'komwe. Amangofinya tomato wosenda ndi manja n'kuthira mchere. Zimawathekera chifukwa uvuni wawo wa nkhuni umatentha kupitirira madigiri 400, ndipo pizza imapsa mphindi ziwiri zisanakwane. Uvuni wa m'nyumba umalekezera cha pa madigiri 250, ndiye ufa umakhalitsa pamoto ukumwa madzi a tomato. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti inu muyambe mwauphika msuziwo kuti ulimbe.

Sankhani tomato wakupsa psuu, wolimba, wamnofu wambiri. Mitundu yotalikirapo monga Roma ndi San Marzano ndiyo yabwino, poti ili ndi njere ndi madzi ochepa. Wam'chitini wosendasenda amagwiranso ntchito, musamunyoze. Kilogalamu imodzi ya tomato ikwanira pizza zitatu kapena zinayi.

Chekani pang'ono khungu kumunsi kwa tomato aliyense, mumuviike m'madzi owira kwa masekondi 30 mpaka 60, kenako m'madzi ozizira. Khungu liyamba kufutukuka lokha pomwe munachekapo, ndipo lichoka ndi zala basi. Mudule pakati, mukolowole njere ndi madzi ake, otsalawo muphwanye ndi foloko. Pewani makina ogayira (blender), chifukwa amalowetsa mpweya wambiri ndipo msuzi umatuwa.

Tenthetsani supuni ziwiri za mafuta, a olivi ngati alipo, pamoto wochepa. Ikanimo timagawo tiwiri ta adyo todulidwa tizidutswa. Apa musachokepo. Adyo akangoyamba kununkhira thirani tomato, chifukwa akapserera amawawa, ndipo kuwawako sikuchokanso. Onjezani theka la supuni yaing'ono ya mchere ndi timasamba touma tonunkhira ta oregano pang'ono. Poto akhale wachitsulo chosachita dzimbiri. Wa aluminiyamu amadyeka ndi asidi wa tomato n'kusiya kakomedwe kachitsulo.

Musavindikire. Cholinga n'chakuti madzi atuluke ngati nthunzi, ndiye uziwira pang'onopang'ono kwa mphindi 20 mpaka 30, mukutakasa mwa apo ndi apo. Kuti mudziwe ngati wafikapo, kokani supuni pansi pa poto. Kanjira kakatsala koonekera, msuzi n'kumabwerera mwaulesi, tsitsani. Ukatsekeka nthawi yomweyo, upitirizebe. Shuga musathamangire: lawani kaye, ndipo ngati kuwawasa kwachuluka, kakutapa ndi zala kakwanira. Masamba onunkhira a basil amalowa pamapeto, poto atachoka pamoto.

Msuzi uzizire musanapake, chifukwa wotentha umafewetsa ufa wokanda n'kuung'amba. Pa pizza ya masentimita 30, supuni zazikulu zitatu kapena zinayi ndi zokwanira. Falitsani ndi kumbuyo kwa supuni kuchokera pakati, mozungulira, n'kusiya m'mphepete mosapaka. Ufa uzionekera apo ndi apo pansi pa msuzi. Dzanja limafuna kuonjezera, koma kumbukirani kuti tchizi nayenso amatulutsa madzi ake.

Wotsala muike m'botolo loyera lotsekeka bwino. Mufiriji ukhala masiku atatu kapena anayi. Ngati mukufuna usungike miyezi itatu, ugaweni m'timapaketi ta muyezo wa pizza imodzi imodzi n'kuuika mufiriza.