Musathamangire kukweretsa msoti wa nkhumba

Alimi anzanga, msoti ukangoyamba kufuna mphongo, ambirife mtima umakhala m'mwamba kuti tione ana msanga. Dekhani. Ulendo woyambawo ulekeni udutse, pakatha masiku 21 udzafunanso. Kwa mitundu monga Large White ndi Landrace, kweretsani pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu, msoti uli ndi miyezi 7 kapena 8 ndipo ukulemera makilogalamu 135 mpaka 150.

Pajatu msoti ukadali kukula. Ukatenga bere, kwa masiku 114 chakudya chake chimagawika pawiri, china kumanga thupi lake, china kukulitsa ana m'mimba. Ukaswa, mkaka umafuna zambiri kuposa zimene ungathe kudya, ndiye umayamba kusungunula mafuta ndi minofu yake. Ngati unatenga bere uli woonda, ana akamasiya kuyamwa mayi amakhala atatsala mafupa okhaokha. Nkhumba ya thupi labwino imafunanso mphongo pakangotha masiku 4 mpaka 7 ana atasiya kuyamwa, koma yofookayo imatha milungu ili phee, ndipo ikadzaswa kachiwiri ana amachepa. Zimandiwawa kuona mlimi akugulitsa nkhumba yotere itangoswa kawiri, chonsecho nthawi zambiri imayamba kubweza zimene anawononga poilera ikaswa kachitatu.

Kuinenepetsa mopitirira nakonso n'kuipweteka. Mafuta amadzaza m'mawere mkaka n'kuchepa, imavutika poswa, ndipo poyamwitsa imadya monyinyirika. Miyendo ikalemedwa, pogona imangodziponya pansi n'kupsinja ana.

Maso amanama, choncho yesani ndi dzanja. Ikani chikhatho pamsana ndi pa mafupa a m'chiuno. Mafupa akamaonekera muli chapatali, yaonda. Mukakanikiza ndi mphamvu koma osawamva, yanenepetsa. Pabwino ndi pamene sakuoneka koma mukuwamva mukadinikiza pang'ono. Pa muyeso wa thupi wa 1 (yoonda kwambiri) mpaka 5 (yonenepa kwambiri), imeneyo ili pa 3.

Onjezerani chakudya masiku 10 mpaka 14 musanakweretse kuti mazira achuluke, ndipo mukakweretsa bwererani pa mlingo wakale. Msoti umene anzake amauthamangitsa podyera, uikeni paokha uzidya mofatsa, ndipo muziuyesa pamsana mlungu uliwonse.