Kupalasa njinga kuchoka ku Dedza boma kukafika kunyanja mosathamanga

Mwafunsa njira yabwino yopalasira mpaka kunyanja. Ndi ya Khwekhwerere, koma muupatse masiku awiri ulendowu.

Zofunika musananyamuke: njinga ya mabuleki ogwira kutsogolo ndi kumbuyo, pampu, chubu chapadera, zigamba ndi guluu, madzi, chipewa chotetezera mutu, juzi, ndi ndalama ya galimoto yobwerera.

1. Nyamukani m'mamawa chifunga chikangoyera. Tsatani M1 molowera ku Ntcheu, kumanzere kwenikweni chifukwa mathiraki sapatuka.

2. Pa Masasa khotani kumanzere, mulowe msewu wa ku Golomoti, womwe ndi wa Khwekhwerere uja.

3. Musanayambe kutsetsereka, imani muyesenso mabuleki. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amaisiya njinga iziyenda yokha, kenaka pakona n'kufinya buleki yakutsogolo mwadzidzidzi. Chepetsani liwiro musanafike pakona, gwirani mabuleki onse awiri pang'onopang'ono, n'kumasiya. Mukawagwira osalekeza, malimu amatentha ndipo mphira ya mabuleki imatha. Imani kangapo azizire, nanunso muone chigwa chonse chili pansipo. Kukagwa mvula, ingokankhani njinga m'makona oopsawo.

4. Pa Golomoti vulani juzi, kuno n'kotentha. Lowani M5 molowera ku Salima.

5. Gonani ku Mua. Mishoniyi inayamba mu 1902, ndipo zigoba za gule wamkulu za ku Kungoni, malo osungirako zachikhalidwe a pamishonipo, musadumphe.

6. Mawa lake pitirirani pa Mtakataka mpaka ku Chipoka. Funsani asodzi posambira pabwino, pewani m'mabango chifukwa cha ng'ona ndi likodzo.

7. Pobwerera kwezani njinga pa galimoto. Chikweza cha Khwekhwerere sicha masewera.