Mmene Mungakonzere Chida Chatsopano mu Pulogalamu Yojambulira Mabolodi a Magetsi

Pulogalamu ya KiCad yojambulira mabolodi a magetsi, imene Jean-Pierre Charras anayamba kulemba ku France mu 1992, ndi yaulere ndipo khodi yake (malangizo olembedwa amene amaiyendetsa) ili poyera pa tsamba la intaneti lotchedwa GitLab, moti wophunzira wa ku MUST ku Thyolo kapena mmisiri wokonza zida za sola pa Chitakale ali ndi ufulu wopempha, kapena wolemba yekha, chida chimene akuona kuti chikusowa. Ufuluwu umafuna dongosolo, chifukwa chida chikalowa mu pulogalamu, anthu ena ndiwo amachisamalira kwa zaka zambiri.

Yambani ndi kulemba vuto lenilenilo musanaganize za batani kapena menyu. Tiyerekeze kuti mukujambula bolodi la inveta, mbali ina muli 230 V, mbali ina muli 12 V ya batire. Kuno m'nyengo ya chiperoni chinyontho chimatera pa bolodi n'kusakanikirana ndi fumbi, ndipo magetsi amatha kukwawa pamwamba pa bolodilo kuchoka pa kanjira kena ka mkuwa kukafika pa kanzake, ngakhale mpata wa mumpweya ukuoneka wokwanira. Mtunda wokwawawu akatswiri amautcha creepage, ndipo ndi wosiyana ndi mtunda wa mumpweya: mukang'amba kampata m'bolodi pakati pa tinjira tiwirito, mtunda wokwawa umatalika pomwe wa mumpweya sukusintha. Pempho lofotokozedwa chonchi, lokhala ndi fayilo yaing'ono yachitsanzo ndi chithunzi chosonyeza malo ovutawo, limamveka kwa wolemba khodi amene sanaonepo nkhungu ya m'phiri la Mulanje.

Kenako fufuzani ngati chidacho sichilipo kale, ndipo apa ndikupemphani kuti musachite changu. Kuyambira pa KiCad 6, imene inatuluka mu 2021, munthu amatha kulemba malamulo akeake oti DRC, chida cha m'pulogalamuyi chofufuza zolakwika pa bolodi, iziyendera, ndipo KiCad 9 ya mu 2025 inabwera ndi lamulo loyeza creepage. Choncho chitsanzo chathuchi sichifunanso chida chatsopano. Ngati vuto lanu likadalipo, liyeseni kaye ndi kapulogalamu kakang'ono kolembedwa m'chinenero cha kompyuta cha Python pa mabolodi anuanu, kuti muone ngati ganizolo likugwiradi ntchito.

Gawo lovuta ndi mafunso amene wopempha amawaiwala. Kodi zimene munthu wasankha zizisungidwa m'fayilo ya bolodi kapena m'kompyuta yake yokha? Zikasungidwa m'kompyuta, mnzake amene wamutumizira fayiloyo adzaona zosiyana. Kodi mafayilo akale azitsegukabe bwino? Kodi munthu akalakwitsa angabweze zimene chidacho chachita? Ganizirani za liwiro: chida chimene chimawerenga mtunda wa kanjira kalikonse nthawi iliyonse imene mausi ya kompyuta yasuntha chingaimitse laputopu yakale, ndipo ambiri a ife timagwirira ntchito pa zoterozo. Uthenga wochenjeza nawo uzitchula tinjira timene tayandikana ndi mamilimita amene akupereŵera, osangoti pali vuto.

Musanalembe khodi yambirimbiri ya C++, chinenero chimene KiCad inalembedwamo, tsegulani pempho pa GitLab ndipo mumve maganizo a otsogolera ntchitoyi, chifukwa akhoza kukhala kuti akusintha kale mbali imeneyo. Akavomereza, tumizani ntchitoyo m'tizigawo ting'onoting'ono, ndipo ngati chidacho chimasuntha mkuwa, tulutsani mafayilo a Gerber ndi kuwayang'ana musanatumize, popeza amenewo ndiwo fakitale imagwiritsa ntchito popanga bolodi.