Momwe mungafotokozere apongozi a CCAP za Amayi Maria

Ndine mkatolika wa ku Ludzi, ndinakwatiwa m'banja la CCAP kuno ku Mchinji. Tsiku lina apongozi anga ataona korona pakhoma anandifunsa, "Mwananga, kodi mumapembedza Mariya?"

Mukafunsidwa chonchi, musapse mtima. Yambani ndi kuvomereza kuti nkhawa yawo ili ndi maziko: Eksodo 20:4-5 amaletsa mafano, ndipo 1 Timoteyo 2:5 akuti mkhalapakati ndi mmodzi, Yesu Khristu. Ifenso timakhulupirira zomwezo.

Kenako siyanitsani mawu awiri, kupembedza ndi kulemekeza. Ine ndinati, "Amayi, ndikamakupatsani madzi osamba m'manja ndimagwada. Kodi ndakupembedzani?" Anakhala chete kanthawi. Kupembedza n'kwa Mulungu yekha, ndipo msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea m'chaka cha 787 unanenetsa zimenezi pa nkhani ya zithunzi.

Anenereni pemphero la Tikuoneni Maria pang'onopang'ono, amve okha mawu oti "mutipempherere ife". N'kupempha, monga amachitira iwo kwa anzawo a chigwirizano mwana akadwala.

Musawakakamize kuvomera. Apongozi anga amanenabe kuti tizipemphera kwa Yesu basi, ndipo madzulo timapemphera limodzi pamkeka.